kmalloc ikukana kundipatsa 6 MB pomwe RAM yatsala 20 GB, vuto lili pati?

khadi_la_kamera:

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru, mutu waima.

Ndikulemba driver ya Linux ya khadi la PCIe lokhala ndi FPGA, chip chimene kagwiridwe kake timakalemba tokha. Ntchito ya khadili ndi kukoka zithunzi ku kamera n'kuzikhuthulira mu RAM kudzera pa DMA, ndiye kuti khadi limalemba lokha mu RAM osadutsira ku CPU. Makina ndi x86-64, RAM 32 GB, kernel 6.8.

Poyamba tinkajambula pa 1280x720, ma byte atatu pa pixel iliyonse, ndiye frame imodzi inkakwana ma byte 2,764,800. Ndinkangoitana kmalloc, yopemphera memory mkati mwa kernel, ndi GFP_KERNEL, kenako dma_map_single kuti indipatse adiresi, adiresiyo n'kuipereka ku khadi, zinthu n'kumayenda. Tsopano abwana akufuna 1920x1080. Frame yafika ma byte 6,220,800, ndipo kmalloc ikungobweza NULL nthawi zonse, ngakhale makina atangoyaka kumene. Mu dmesg, momwe kernel imalemba mauthenga ake, munatuluka WARNING yoloza ku mm/page_alloc.c kamodzi kokha, kuchokera pamenepo zii, koma NULL ikubwerabe.

Palinso china chimene ndinkachinyalanyaza. Ngakhale pa 720p pomwe, makina akakhalitsa osazimitsidwa, ndikachotsa driver ndi rmmod n'kuibwezeranso ndi insmod, nthawi zina ndimapeza "page allocation failure: order:10". Ndikawazimitsa n'kuwayatsanso, zimatheka bwinobwino.

Chondizunguza n'chakuti free -h ikuti pali 20 GB yoti nditha kugwiritsa ntchito. Kapulogalamu kakang'ono ka C kamene ndinalemba kakutenga 2 GB ndi malloc popanda kudandaula. Ndiye kernel mwiniwake wa memory yonseyo akulephera bwanji kudzipatsa 6 MB? Mnzanga wina akuti malire a kmalloc ndi 128 KB, koma ine 2.7 MB ndakhala ndikuitenga. Malire enieni ndi ati, ndipo ndingawakweze potani?

nkhalamba_ya_C:

Achimwene, RAM yanuyo ilibe mlandu. Olo mutaonjezera kufika 256 GB, NULL yomweyo ndi imene muzilandira.

kmalloc sikuti imangokupatsani kuchuluka kumene mwapempha. Imalonjezanso kuti ma page onse, timagawo ta 4 KB timene RAM imagawidwamo, akhala ondondozana mu RAM mwenimwenimo, physical address ikutsatana popanda podumpha. Lonjezo limeneli ndi lomwe lili ndi malire. malloc ya pulogalamu yanu ija silonjeza zoterezi. 2 GB imene mwaionayo ndi ma virtual address chabe, ma adiresi amene pulogalamu imaona osati enieni a mu RAM, ndipo page iliyonse imabwera payokhapayokha tsiku limene mwaikhudza, kuchokera kulikonse kumene kwapezeka malo. N'chifukwa chake siidandaula.

Pansi pa kmalloc pali magawo awiri. Loyamba ndi SLUB, yomwe imasunga tizidutswa todulidwa kale: 8, 16, 32, 64, 96, 128, 192, 256, 512, kenako 1 KB, 2 KB, 4 KB ndi 8 KB. Mukapempha ma byte 100 mumalandira ka 128. Pempho likangoposa 8 KB pa makina a page ya 4 KB, SLUB imalipatsira kwa page allocator, iyo n'kuchokapo.

Page allocator ya Linux ndi buddy system, nzeru yakale ndithu: Harry Markowitz anaitulukira mu 1963, Kenneth Knowlton n'kuifotokoza mu 1965. Ma page amene sakugwira ntchito amasungidwa m'mindandanda potengera order. Order 0 ndi page imodzi, 4 KB. Order 1 ndi ma page awiri, order 2 anayi, order 3 asanu ndi atatu, kumangowirikiza choncho. Mukapempha order 4 koma mndandanda wake mulibe kanthu, allocator imatenga chidutswa cha order 5 n'kuchiswa pakati, theka n'kukupatsani, theka linalo n'kulisunga. Mukabweza, imayang'ana ngati theka linzake lilinso pompo, n'kuwalumikiza. Mndandanda womaliza pa x86-64 ndi order 10, ma page 1024, ndiye kuti 4 MB. Wa order 11 kulibe, sunapangidwe n'komwe.

Tsopano tengani frame yanu. Ma byte 6,220,800 kugawa ndi 4096 zikupereka ma page 1519. Nambala yowirikiza yoyamba imene ingawanyamule ndi 2048, yomwe ndi order 11, 8 MB. Allocator ikangoona kuti order yaposa MAX_PAGE_ORDER imabweza NULL isanasuzumire n'komwe kuti m'nkhokwe muli chiyani. WARNING inatuluka kamodzi chifukwa ndi ya mtundu wa WARN_ON_ONCE, imakuwa ulendo woyamba wokha.

Ya 720p ija munkadutsira pa kampata kochepa. Ma byte 2,764,800 ndi ma page 675 ndendende, omwe amakwezedwa kufika 1024, order 10, pamalire penipeni. Buffer iliyonse inkadya 4 MB yathunthu, ma page 349 n'kumangokhala osagwira ntchito. Pali alloc_pages_exact yomwe imabweza otsalawo, koma nayo imayamba yapeza kaye chidutswa cha order 10, ndiye siikuchotserani vutoli.

Mukamawerenga zolemba zakale samalani ndi dzinali. Kufikira kernel 6.3 linali MAX_ORDER ndipo linali 11, kutanthauza kuchuluka kwa mindandanda, order yaikulu n'kukhala 10. Anthu ambiri ankasokonezeka nazo mpaka kulemba ma code olakwika, ndiye mu 6.4, chaka cha 2023, analisintha kuti likhale 10. Mu 6.8 yanuyo analipatsa dzina latsopano la MAX_PAGE_ORDER. Malire enieniwo sanasunthe, akadali 4 MB. Za 128 KB za mnzanuyo si bodza, kungoti ndi nkhani ya masiku a SLAB, imene inkagwira ntchitoyi SLUB isanabwere, kuchiyambi kwa 2.6. SLUB ya Christoph Lameter inalowa mu 2007, ndipo SLAB yeniyeniyo anaichotseratu mu 6.8.

Vuto lanu lachiwiri ndi lomwe ine ndimaliopa kwambiri, chifukwa limabisala poyesa n'kudzaonekera kwa kasitomala. Ganizirani holo yaikulu imene mipando yambiri ilibe anthu, koma okhalamo amwazikana mzere uliwonse. Wobwera yekha apeza pokhala nthawi yomweyo. Gulu la anthu khumi lofuna kukhala mogundizana libwerera pakhomo, mipando ilipo. Mu RAM zimavutirapo chifukwa chidutswa cha order 10 chiyenera kuyambira pa adiresi yogawika ndi 4 MB. Mu 32 GB muli malo otere 8192 okha, ndipo page imodzi ya 4 KB yokana kusuntha ikakhala pakati pa malo amodzi, malo onsewo awonongeka.

Ma page a mapulogalamu ndi a page cache (zamumafayilo zimene kernel yasunga mu RAM) amasunthika, poti kernel imangokopera zomwe zilimo n'kukonza page table, yomwe imalumikiza virtual address ku page yeniyeni. Ntchito imeneyi ndi compaction, imene Mel Gorman anailowetsa mu 2.6.35 m'chaka cha 2010. Koma ma page a kernel mwiniwake, monga a slab, a page table ndi ma buffer a ma driver ena, sasunthika chifukwa ma pointer olozako ali ponseponse. Kernel imayesetsa kuwaunjika mbali imodzi, koma makina akamagwira ntchito masiku ambiri, memory ikathina apa ndi apo, osasunthikawa amalowerera m'malo a anzawo ndipo satulukamonso msanga.

Onjezani apa kuti kernel siidzipha nanu. Muli nambala ina yotchedwa PAGE_ALLOC_COSTLY_ORDER, yomwe ndi 3, ndiye kuti 32 KB. Pempho la GFP_KERNEL la order 3 kutsika m'munsi, allocator imalimbana nalo mpaka kuitana OOM killer kuti aphe pulogalamu ina. Loposa pamenepo imaliyesa pang'ono, kuchotsako cache, kuchita compaction, zikakanika imakweza manja. Inu mukupempha chinthu chachikulu ka 128 kuposa pamene kernel imayambira kunena kuti "ichi n'chodula".

Tsiku limene zakanikanso, musanazimitse makina, lembani cat /proc/buddyinfo. Mzere uliwonse uli ndi manambala 11, order 0 kumanzere mpaka order 10 kumanja. Mudzatiuze za kumanjako.

Za kukweza malire: pa arm64 ndi ma architecture ena muli CONFIG_ARCH_FORCE_MAX_ORDER. Pa x86 mulibe, mungafunike kukasintha pamanja mu include/linux/mmzone.h n'kumanga kernel yanuyanu. Zimatheka, koma ndiye kuti aliyense wogula khadi lanu azidalira kernel ya inu, ndiponso order 11 imasowa msanga kuposa order 10 imene ikukuvutani kaleyi. Ine sindingakulangizeni njira imeneyo.

tsamba4096:

Bwanji osangogwiritsa ntchito vmalloc? Imatola ma page amodziamodzi kulikonse kumene ali n'kuwaika pa ma virtual address ondondozana, ndiye code yanu imaona buffer imodzi yosalala. Pa x86-64 dera la vmalloc ndi 32 TB, simungalimalize, chokuletsani ndi RAM yokha. Masiku a 32-bit ndi pomwe zinali zothina, 128 MB yokha pokhapokha mutaikulitsa ndi vmalloc= poyatsa makina.

Kapena kvmalloc, yomwe ilipo kuyambira 4.12. Imayamba yayesa kmalloc mwakachetechete, zikakanika imagwera ku vmalloc, inu n'kudzamasula ndi kvfree osalabadira kuti memory inachokera kuti. Ine ma table anga onse akuluakulu ndinawasamutsira kumeneko ndipo "page allocation failure" sindinaionenso. Chongokumbukira n'chakuti musaiitane mu interrupt handler kapena mutagwira spinlock, chifukwa imatha kugona.

nkhalamba_ya_C:

A tsamba4096, pa table imene ikuwerengedwa ndi CPU yokha mukunena zoona, ndipo ndikanakonda anthu ambiri akanamachita choncho m'malo molimbana ndi order 6 pa chinthu chosafuna kundondozana. Koma anzathuwa ali ndi khadi, ndipo khadi siliona page table ya CPU. Kusalala kwa vmalloc kuli m'maso mwa CPU mokha. Mukalipatsa khadi adiresi ya page yoyamba n'kuliuza kuti lilembe 6 MB, ma byte 4096 oyamba agwera pamalo pake, otsalawo apondereza chilichonse chimene chili kutsogoloko, kaya ndi inode ya fayilo ya munthu, kaya ndi page table. Makina sagwa pomwepo, amadzagwa pambuyo pake pamalo ena osakhudzana n'komwe ndi driver yanu, ndipo kusaka gwero lake n'kowawa. Mwamwayi ma kernel a masiku ano amakana: dma_map_single ikaona adiresi ya vmalloc imalemba "rejecting DMA map of vmalloc memory" n'kubweza error. Koma zimenezi zimathandiza okhawo amene amafunsa dma_mapping_error pambuyo pake.

kvmalloc pa DMA ndiye yoipirapo, chifukwa imanyenga. Pa 720p, makina atangoyaka, idzadutsira ku kmalloc ndipo mayeso anu onse adzakhoza. Memory ikadzamwazikana idzatembenukira ku vmalloc osakuuzani, driver yomweyo, code yomweyo, n'kuyamba kukanika.

vmalloc ili ndi mtengo wakenso, ngakhale anthu amaukokomeza. Memory ya kmalloc ili mu direct map, momwe kernel imagwiritsa ntchito ma page a 2 MB kapena 1 GB, ndiye TLB, kamene CPU imakumbukiramo ma adiresi amene yamasulira kale, siivutika. Ya vmalloc nthawi zambiri imamangidwa ndi ma page a 4 KB, ndipo poimasula pamafunika kuyeretsa TLB pa ma CPU onse. Pa buffer yotengedwa kamodzi n'kukhala nayo, zimenezi musazidere nkhawa. Paja ngakhale stack ya kernel, ija ya 16 KB, inasamukira ku vmalloc kuyambira 4.9 pa x86-64.

Funso loyenera kuwafunsa a khadi_la_kamera ndi ili: DMA engine ya mu FPGA yanu imadziwa scatter-gather? Ngati imatha kuwerenga mndandanda wa ma descriptor, iliyonse yonena adiresi ndi kutalika kwake, ndiye kuti kundondozana simukukufuna n'komwe, ndipo nkhani ya 4 MB yathera pomwepo.

mayi_wa_ma_board:

Akulu a nkhalamba, zonse mwafotokoza bwino, koma Contiguous Memory Allocator, CMA, mwaidumpha ngati kulibe. Ife a ma board a ARM timakumana ndi ma display controller ndi ma kamera ambiri amene scatter-gather saidziwa, IOMMU, yomasulira ma adiresi a zipangizo monga page table imachitira kwa CPU, palibenso, ndipo chip chinaumbidwa kale, simungachiuze kuti chisinthe. Contiguous Memory Allocator inapangidwira zimenezi. Inalowa mu 3.5 m'chaka cha 2012, ntchito ya Michal Nazarewicz ndi Marek Szyprowski ku Samsung.

Mmene imagwirira ntchito: poyatsa makina, memory isanamwazikane, kernel imapatula dera limodzi lalikulu, tinene cma=64M pa command line. Deralo silikhala chabe. Kernel imalibwereketsa kwa ma page osunthika okhaokha, monga page cache ndi memory ya mapulogalamu. Driver ikaitana dma_alloc_coherent kupempha 6 MB, obwerekawo amasamutsidwa, inu n'kulandira chidutswa chondondozana. Malire a order 10 sakhudza njira imeneyi chifukwa siidalira mindandanda ija. Driver yanu isintha mizere yochepa chabe: kmalloc ndi dma_map_single zichoke, palowe dma_alloc_coherent, yomwe imakupatsani pointer ya CPU ndi adiresi ya khadi nthawi imodzi.

Onani kaye mu fayilo ya config ya kernel yanu ngati CONFIG_DMA_CMA ndi yoyatsa, osati CONFIG_CMA yokha. Pa x86 kukula kwake kwa default ndi 0, ndiye popanda cma= simupeza kanthu. Zikatheka muona CmaTotal ndi CmaFree mu /proc/meminfo. Ife pa ARM timalemba dera lathu mu device tree pansi pa reserved-memory, kuti kamera ikhale ndi lakelake osalimbirana ndi ena.

Sindikunena kuti ilibe zovuta. Kusamutsa ma page kumatenga nthawi, ndiye musapemphe buffer pakati pa kujambula. Komanso page ina ikagwidwa ndi I/O pa nthawi imene mukuifuna, pempho limatha kuchedwa kapena kukanika ngakhale CmaFree ikuonetsa malo ambiri. Tengani ma buffer onse pa probe, pamene driver ikulandira chipangizo koyamba, kapena pamene pulogalamu ikutsegula chipangizo, n'kuwasunga.

Ndiponso musamaganize kuti 4 MB ndi lamulo la Linux kulikonse. Imachokera ku order kuchulukitsa ndi kukula kwa page. Pa arm64 ya ma page a 4 KB ndi 4 MB yomweyo, pa ya 16 KB order imafika 11 ndipo malire ndi 32 MB, pa ya 64 KB order imafika 13, malire n'kukhala 512 MB. Ndinaonapo driver yoyenda bwino pa server ya ma page a 64 KB ikufa tsiku loyamba pa board ya 4 KB, mwiniwake n'kumaloza chala hardware.

khadi_la_kamera:

Zikomo kwambiri nonse, tsopano ndikuona pamene ndaima. Zakanikanso pa 720p, ndipo buddyinfo yatulutsa izi:

Node 0, zone Normal 41230 28117 15402 6210 1893 402 57 9 2 0 0

Ku DMA32 nakonso manambala awiri omaliza ndi 0. Nditawerengetsa mzerewu ndapeza kuti memory yongokhala ndi pafupifupi 1 GB. 20 GB ija ndi ya pansi pa available, yambiri ndi page cache ya mafayilo a video amene timalemba. Nditalemba 3 mu /proc/sys/vm/drop_caches, kenako 1 mu /proc/sys/vm/compact_memory, ku order 10 kunabwera manambala ndipo insmod inadutsa. Koma sindingamuuze kasitomala kuti azichita zimenezi.

Amayi, CMA ndinaifuna kwambiri chifukwa ndi yachidule, koma mu config ya kernel imene makasitomala athu amagwiritsa ntchito muli CONFIG_CMA=y pomwe CONFIG_DMA_CMA ndi yozimitsa. Ndiye tabwereranso ku nkhani yomanga kernel yathuyathu.

Ndafunsa amene analemba za mu FPGA. Akuti engine ili ndi scatter-gather, descriptor iliyonse imanyamula adiresi ya 64-bit, kutalika, ndi adiresi ya descriptor yotsatira. Sitinkaigwiritsa ntchito chifukwa njira ya adiresi imodzi inali yosavuta. Nkhawa yanga ndi liwiro. Pa mafelemu 60 pa sekondi, ma page 1519 pa frame, ndi ma descriptor 91,140 pa sekondi. Khadi silitsamwa? Nanga pulogalamu yowerenga zithunzi iziona bwanji frame ngati chinthu chimodzi?

nkhalamba_ya_C:

Amayi anena zoona, pa chip chosadziwa scatter-gather CMA ndiye njira, ndipo sindikutsutsa. Koma poti lanu likudziwa, achimwene, pitani kumeneko osayang'ananso m'mbuyo.

Ma descriptor 91,140 asakuopseni. Zithunzi zenizenizo ndi ma byte 373,248,000 pa sekondi. Descriptor imodzi ndi ma byte makumi angapo poyerekeza ndi 4096 imene ikuimira, ndiye katundu woonjezerayo ndi wochepa kwambiri, bola engine izitenga ma descriptor angapo pasadakhale m'malo modikira imodzi ithe. Ma khadi a network ndi ma NVMe amachita zoposa pamenepa tsiku lililonse. Chimene chingakupheni ndi interrupt pa descriptor iliyonse. Ikani chizindikiro cha interrupt pa yomaliza ya frame yokha, zikhale 60 pa sekondi. Mndandandawonso mumaumanga kamodzi potenga buffer, osati pa frame iliyonse.

Ndiponso 1519 ndi pamene zaipitsitsa. Simukakamizidwa kutenga ma page amodziamodzi. Yambani ndi order yokwererapo mutaika __GFP_NORETRY ndi __GFP_NOWARN, ikakana tsikani order imodzi, mpaka pa 0 yomwe siikana wamba. Pa buddyinfo yanu yomvetsa chisoniyo muli zidutswa 1893 za 64 KB, ndipo frame imodzi imafuna 95 zokha. Mukatero sg_alloc_table_from_pages imalumikiza ma page oyandikana kukhala gawo limodzi, dma_map_sgtable n'kukupatsani ma adiresi a khadi. Polemba ma descriptor yendani ndi for_each_sgtable_dma_sg, osati ndi mndandanda wa ma page, chifukwa pa makina a IOMMU magawo amatha kuphatikizidwa n'kuchepa. Uzaninso kernel kutalika kumene descriptor yanu ingathe kudzera pa dma_set_max_seg_size, apo ayi imaganiza kuti ndi 64 KB.

Nkhani ya IOMMU ndiitchule pang'ono chifukwa wina adzakuuzani kuti ndi njira yachidule. Ikakhala yoyatsa, dma_alloc_coherent imatha kutola ma page omwazikana n'kulionetsa khadi adiresi imodzi yosalala, 6 MB n'kudutsa popanda CMA. N'zoona. Koma kasitomala mmodzi akaizimitsa mu BIOS kapena akaika iommu=pt, mwabwerera pa NULL. Driver yoyenda pa makina ena n'kumakana pa ena ofanana nawo ndi imene imadzetsa mafoni a usiku.

Za kuona frame ngati chinthu chimodzi, pulogalamu ili ndi page table yake. Mu mmap ya driver yanu perekani ma page aja ndi vm_map_pages, ndipo iyo iona ma byte 6,220,800 ondondozana ngati kale. Kernel ikafuna kusuzumiramo, vmap ichita chimodzimodzi. Musaiwale dma_sync_sgtable_for_cpu frame ikafika ndi dma_sync_sgtable_for_device poibweza ku khadi. Pa x86 mungaone ngati sizichita kanthu, koma tsiku limene khadi lidzalowe mu makina a amayiwa mudzazifuna. Kunena zoona, zonse ndalembazi zili kale mu videobuf2-dma-sg. Driver yanu ikakhala ya V4L2, dongosolo la Linux la ma kamera ndi video, mumangosankha vb2_dma_sg_memops n'kulemba mbali ya ma descriptor yokha, ndipo mapulogalamu ngati GStreamer ndi ffmpeg atha kuwerenga kamera yanu popanda kuwaphunzitsa.

Ziwiri zoti muone musanayambe. Choyamba, dma_set_mask_and_coherent ikhale pa 64-bit. Chipangizo cha PCI chimayamba ndi mask ya 32-bit, kutanthauza kuti kernel imaganiza kuti chimafika pa 4 GB yoyamba yokha, ndipo pa makina a 32 GB ma page ambiri ali pamwamba pa 4 GB. Popanda IOMMU amenewo amadutsira mu swiotlb, buffer yapakati ya kernel, yomwe mwa default ndi 64 MB yokha, imakopera byte iliyonse, ndipo siilandira choposa 256 KB pa mapping imodzi. Poti 2.7 MB inkadutsa, mwina munaiika kale, koma tsimikizani.

Chachiwiri, ngati kutalika ndi kufupika kwa chithunzi kumachokera ku pulogalamu kudzera pa ioctl, njira imene pulogalamu imalamulira driver, ikani malire anuanu. Mpaka pano 4 MB ija imakutetezani mosadziwa, munthu akapempha zopenga kmalloc imangokana. Mukayamba kutola ma page amodziamodzi chotchinga chimenecho chachoka, ndipo wina akhoza kupempha 60000x60000 driver yanu n'kumeza RAM yonse, ma page osasunthika, osapita ku swap. Ngakhale kvmalloc anaiikira malire a INT_MAX, pafupifupi 2 GB, mu 5.15 pa chifukwa chofanana ndi chimenechi. Kuchulukitsako chitani ndi check_mul_overflow kapena array3_size, chifukwa 60000 kuchulukitsa 60000 kuchulukitsa 3 sikukwana mu 32-bit, nambala imazungulira n'kutuluka yaing'ono, buffer n'kuchepa pomwe khadi likulemba zambiri.

Mukamaliza, yesani pa makina omwewo osawazimitsa, buddyinfo ili ndi ma 0 kumanja choncho, ndipo mutiuze nents, chiwerengero cha magawo aja, yatuluka zingati pa frame imodzi.